Kumanga sensa ya surface plasmon ndi laser yofiira, prizimu ndi galasi la golide

Aliyense amene anayezetsapo malungo pa kachipangizo ka mRDT anaona kamzere kofiirira kakutuluka pang'onopang'ono pakapepala kam'kati. M'zipangizo zambiri zotere kufiirako kumachokera ku golide: timibulu ta nanomita pafupifupi 40 timene timameza kuwala kobiriwira, kwa utali wa funde wa 520 mpaka 530 nm (nanomita), n'kusiya kofiira kuti kufike m'maso mwathu. Amene amameza kuwalako ndi ma elekitironi a m'golidemo akamagwedezeka onse pamodzi, ndipo kugwedezeka kotereku ndi kumene akatswiri amakutcha plasmon. Malangizo ano akunena za golide yemweyo atayalidwa pagalasi mopyapyala, nanomita 50 zokha. Tsitsi limodzi la munthu ndi lochindikala kuposa pamenepo maulendo oposa 1,000. Galasi lotere mukaliunika moyenera limakuuzani kusintha kwakung'ono kwambiri kwa madzi amene aligunda, ndipo chipangizo chake mungachimange patebulo limodzi m'labu ya koleji muno mu Lilongwe kapena ku Bunda.

Musanagwire chilichonse, sungani mfundo iyi. Sensa imeneyi sidziwa shuga, puloteni kapena kachirombo. Imaona chinthu chimodzi: refractive index ya zimene zili pamwamba pa golide, m'kati mwa mtunda wosapitirira nanomita pafupifupi 200. Refractive index ndi nambala yonena mmene chinthu chimachepetsera liwiro la kuwala: mpweya ndi 1.000, madzi ndi 1.333, galasi la BK7, lopangira ma lenzi ndi ma prizimu, ndi 1.515. Fumbi, kathovu ka mpweya, madzi amene afunda chifukwa munagwira sirinji nthawi yaitali, zonsezi zimasuntha nambala imeneyi, ndipo sensa imaziwerenga mofanana ndi chimene mukufuna kuyeza. Gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kutsekera zinthu zimenezi kunja.

Zimene zimachitika pagalasipo

Kuwala kukamayenda m'kati mwa galasi n'kufika pamalire mopendekera kwambiri, sikutuluka, kumabwerera konse m'galasimo. Ngodya timaiwerenga kuchokera pa mzere woima chilili pankhope ya galasi. Pa BK7, ngati kuseri kuli mpweya, kubwereraku kumayamba pa madigiri 41.3, ngati kuli madzi, pa madigiri 61.6. Komabe kamphamvu kena ka kuwalako kamasuzumira kuseri kamtunda kochepa n'kuzilala msanga. Mukaika golide wopyapyala pamalirepo, kamphamvuko kamam'dutsa n'kukagwedeza ma elekitironi a mbali yakunja. Pa ngodya imodzi, funde la kuwala ndi funde la ma elekitironi zimayendera limodzi, mphamvu ya kuwala imalowa m'golide n'kusanduka kutentha, ndipo kuwala kobwerera kumatsika pafupifupi kutheratu. Pa graph pamaoneka chigwa, pa pepala pamaoneka mzere wakuda.

Mu 1968 Andreas Otto anaonetsa zimenezi ndi prizimu yotalikirana pang'ono ndi chitsulo, ndipo chaka chomwecho Erwin Kretschmann ndi Heinz Raether anachita zimenezi chitsulocho chitamatidwa pagalasi penipeni. Njira ya Kretschmann ndi imene tikutsatira pano, chifukwa madzi oyezedwa amakhala panja, posavuta kuwasintha. Mu 1983 Liedberg, Nylander ndi Lundström ku Linköping anaigwiritsa ntchito poyeza ma antibody, ndipo makina oyamba a Biacore anatuluka ku Uppsala mu 1990.

Ngodya ya chigwa mungaiwerengeretu pa calculator:

n ya prizimu × sin θ = √[εm × εd ÷ (εm + εd)]

n ndi refractive index, θ ndi ngodya ya chigwa. εd ndi refractive index ya madzi kapena mpweya kuichulukitsa ndi iyo yokha. εm ndi nambala yonena mmene chitsulo chimachitira ndi kuwala, ndipo imasintha ndi mtundu wa kuwala. Pa 633 nm ya golide ndi pafupifupi −11.7, ya siliva pafupifupi −18. Mukaika za golide ndi mpweya mupeza 1.046, kugawa ndi 1.515 n'kutenga arcsin, madigiri 43.7. Za golide ndi madzi mupeza 1.447, madigiri pakati pa 72 ndi 73. Laser ya 650 nm, imene imapezeka kwambiri m'masitolo, imatsitsa nambalazi pang'ono: pafupifupi 43.4 mumpweya ndi 71 m'madzi. Chigwa chanu chikasiyana ndi zimenezi ndi digiri imodzi musadandaule, golide wa fakitale iliyonse amasiyanako.

Chifukwa chake laser ikhale yofiira

Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Laser yobiriwira ya 532 nm imawala kwambiri m'maso, choncho munthu amaganiza kuti ndiyo yabwino. Golide ndi wachikasu chifukwa amameza kuwala kwa buluu ndi gawo la kobiriwira, ndipo kumeza kumeneku kumakula mukamatsika kufika cha ku 520 nm. Pa 532 nm εm yake imangokhala pafupifupi −4.7, ndipo gawo la kuwala limene limatayika m'chitsulomo ndi lalikulu kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pa 633 nm. Mumpweya mudzapeza chigwa chotambalala, chosaoneka bwino, cha ku madigiri 48. M'madzi simudzapeza chilichonse, chifukwa mbali ya kumanja ya masamu aja imatuluka pafupifupi 1.69, nambala yoposa 1.515, ndipo palibe ngodya imene sin yake imaposa 1. Mungathe tsiku lonse mukupotoza prizimu, vuto lili pa mtundu wa kuwala.

Mukamakwera kuchoka pa 600 nm kupita ku 700 nm, chigwa chimachepa m'lifupi, ngodya yake imatsika, ndipo kamphamvu kaja kamafika patali pang'ono m'madzi. Ngati mukufunadi kugwira ntchito ndi kuwala kobiriwira kapena kwa buluu, chitsulo chake ndi siliva, amene sayamba kumeza kuwala motero mpaka ku ultraviolet. Chigwa cha siliva ndi chowonda kwambiri ngakhale pa kuwala kofiira: madigiri pafupifupi 42.8 mumpweya ndi 68 m'madzi. Koma siliva amada akakumana ndi sulfur, wochokera ku mazira, ku malabala omangira mapepala, ku fungo la zimbudzi, ndipo mchere umam'wononga. Pa ntchito ya masabata angapo, golide ndiye wodalirika.

Zofunika kusonkhanitsa

Chovuta kupeza ndi galasi la golide lokha. Limafuna makina opopera chitsulo m'malo opanda mpweya, choncho liitanitseni kunja, ndipo polemba oda nenani zonse: galasi la BK7 kapena lofanana nalo, titanium kapena chromium wa 1 mpaka 2 nm pansi, golide wa 47 mpaka 50 nm pamwamba. Titanium kapena chromium ndiye guluu wake; popanda iye golide amasupuka madzi akangolowa. Akachuluka kufika 5 nm, chigwa chimatambalala ndipo sichida bwino. Golide akachepera 40 nm chigwa chimakhala chotambalala komanso chosazama; akapitirira 60 nm chimawonda koma chimazilala, ndipo cha ku 80 nm simungachionenso bwino. Golide wa mapepala wokongoletsera ali pafupifupi 100 nm ndipo ndi wamakwinya, musavutike naye. Magalasi akafika, kwezani limodzi ndi chopanira, mulipenye pawindo. La 50 nm limaonetsa kunja mwachimbuuzi, mwa mtundu wobiriwira mopita ku buluu. Ngati simukuona kanthu, golide wachuluka. Gulani magalasi osachepera khumi, chifukwa awiri oyamba amawonongeka pophunzira.

Prizimu ikhale ya BK7, ya 20 kapena 25 mm. Ya ngodya za 45, 45 ndi 90 ndi yabwino pa mpweya. Ya ngodya zitatu za 60 ndi yabwino pa madzi. Ngati ndalama ndi za imodzi, tengani ya 60, imagwira zonse ziwiri. Mafuta omatira galasi ku prizimu ndi omwe aja a microscope amene a labu ya chipatala amadontheza pa slide poyang'ana malungo ndi lenzi ya ×100. Index yake ndi 1.515, yofanana ndi BK7. Glycerine ali pa 1.47, ndipo pa madigiri 72 amabweza kuwala kwambiri kusanafike pa golide, choncho asalowe m'malo mwa mafutawa.

Laser ikhale yofiira, ya 635 kapena 650 nm, ya Class 2, yosapitirira 1 mW. Yamphamvu kuposa apo imafunditsa madzi pamalo oyezera ndipo ndi yoopsa m'maso. Polarizer, kapepala kodutsitsa kuwala kogwedezeka mbali imodzi yokha, mungaisende pa sikirini ya calculator yakufa kapena ya foni yakale ya LCD; okonza mafoni mumsika amataya zambiri. Mufunikanso kandodo ka galasi kotakasira mankhwala, lenzi yokulitsa ya 25 mm m'mimba mwake ndi focal length ya 50 mm, pepala loyera lomatidwa pakatoni, protractor, ndi kamera ya foni kapena webcam imene mungaitsekere exposure. Amene akufuna manambala achindunji aonjezere photodiode ya BPW34 ndi multimeter yowerenga microampere. Zonse zikhale pa thabwa limodzi lolemera, zomangidwa ndi zomangira kapena guluu wotentha, laser ili mofanana msinkhu ndi pakati pa prizimu, pansi kwambiri poyerekeza ndi maso a munthu wokhala pampando. Vulani wotchi ndi mphete.

Kupeza mbali ya polarizer

Plasmon imadzutsidwa ndi kuwala kumene mphamvu yake ya magetsi ikugwedezeka m'bwalo lomwelo limene kuwala kolowa ndi kobwerera kukuyendamo. Amakutcha p. Kuwala kwa s, kogwedezeka mopingasa ndi bwalolo, sikupanga chigwa. Popeza laser yanu ikuyenda mofanana ndi tebulo ndipo golide waima chilili, p ndi kugwedezeka kogona.

Tengani beseni la madzi, muliike panja pamene thambo likunyezimira m'madzimo. Imani chapatali pang'ono kuti muziliyang'ana mopendekera, cha ku madigiri 53 kuchokera pa mzere woima, ndipo penyani kudzera mu polarizer uku mukuizunguza. Pamene kunyezimira kwazimiririka n'kuyamba kuoneka pansi pa beseni, polarizer ikudutsitsa kuwala koima chilili. Lembani kamzere koima m'mphepete mwake ndi maka. Pachipangizo, kamzereko kagone. Kenako zunguzani laser yeniyeniyo mpaka kuwala kodutsa mu polarizer kutawala kwambiri, chifukwa laser ya diode imakhala kale ndi mbali yake.

Yambani ndi mpweya

Musathire madzi tsiku loyamba. Chigwa cha mumpweya ndi chowonda ndi chakuda bii, ndipo mukachipeza mwatsimikiza kuti golide, mafuta, polarizer ndi laser zili bwino.

Valani magolovesi opanda ufa. Gwirani galasi m'mphepete ndi chopanira, mulitsuke pothira ethanol wa mu labu kapena isopropanol, kenako madzi a distilled, kenako ethanol kachiwiri, ndi kuliumitsa ndi kapampu ka labala kopemerera lenzi za kamera. Spiriti wapepo wa ku famase amasiya utoto pa golide. Musapukute golide ndi thonje, tishu kapena nsalu. Amakalika ngakhale ndi pepala la lenzi. Mabuku ena amatchula piranha, asidi wa sulfuric wosakaniza ndi hydrogen peroxide. Ameneyo amatha kuphulika akakhudzana ndi ethanol kapena acetone, ndipo si wa labu yopanda fume hood ndi munthu wophunzitsidwa.

Dziwani mbali imene kuli golide: gunditsani msonga ya chopanira pakona. Ngati msonga ikukhudzana ndi chithunzi chake, ndi mbali ya golide; ngati pali kampata, ndi mbali ya galasi. Donthezani kadontho kamodzi ka mafuta, kochepa ngati njere ya mapira, pakati pa nkhope ya prizimu. Gonekani galasi mbali yopanda golide, kuyambira m'mphepete n'kumatsitsa pang'onopang'ono kuti mafuta afalikire okha. Yang'anani kudzera mu prizimu: kathovu kamaoneka ngati kadontho kasiliva. Kakakhala pakati, chotsani galasi muyambirenso. Mafuta akachuluka amatsikira m'mphepete n'kukwera pa golide, ndipo galasi lotero liyenera kutsukidwanso.

Tsopano kumbukirani kuti kuwala kumapindika polowa mu prizimu, choncho ngodya ya pa protractor si imene yafika pa golide. Masamu ake: θ = A + arcsin(sin φ ÷ 1.515), pamene A ndi ngodya ya prizimu, 45 kapena 60, ndipo φ ndi ngodya yolowera pankhope, imene imaonjezera kapena kuchotsera pa A malinga ndi mbali imene laser yapendekera. Pa prizimu ya 45, mpweya umafuna φ ya madigiri 2 okha kumbali yochotsera, ndiye kuti laser ilowe pafupifupi molunjika pankhope. Pa ya 60, umafuna madigiri pafupifupi 25 kumbali yochotsera. Poyambira pa ziro mumapapeza pozunguza prizimu mpaka kadontho kobwerera pankhope kabwerere pakamwa pa laser.

M'malo mozunguza prizimu pang'onopang'ono n'kumathamangitsa kadontho kobwerera, tumizani ngodya zambiri nthawi imodzi. Imikani kandodo ka galasi kutsogolo kwa laser. Kadzamwaza kuwala kukhala mzere wogona. Ikani lenzi kuti isonkhanitse mzerewo pa kadontho kamodzi pa golide. Lenzi ya 25 mm ndi 50 mm ikadzaza imapereka madigiri pafupifupi 9 mbali iliyonse m'kati mwa galasi. Polarizer ikhale pakati pa laser ndi kandodo. Ikani pepala masentimita 30 kuchokera pa prizimu, tsekani makatani. Pa mzere wofiira umene uli papepalapo mudzaona kampata kakuda, ngati wina wadula mzerewo ndi lezala. Zunguzani laser ndi polarizer madigiri 90: kampatako kazimiririke. Kakapanda kuzimiririka, ndi chithunzithunzi cha fumbi kapena cha kathovu, si plasmon. Kuyesa kwina kosavuta: pumirani mpweya wa m'kamwa pang'ono pa golide. Kampata kadzathawa kapena kufufutika, n'kubwerera chinyezi chikauma. Mukatero litsukeninso.

Kuika madzi

Dulani labala ya silikoni yochindikala 1 mm, muboole pakati bowo lotalika 10 mm ndi lotambalala 3 mm. Likhale lowonda kumapeto konse ngati tsamba la mlombwa, chifukwa makona ndi amene amasunga thovu. Pamwamba pake ikani perspex ya mabowo awiri olunjika kumapeto kwa bowolo, mulowetse timapaipi ta dilipi n'kumata. Panani zonse ku prizimu mofatsa. Mukapana kwambiri mafuta amafinyika n'kuthawa, ndipo galasi lopanikizika limasokoneza polarization, chigwa n'kumaoneka chotuwa. Madzi azilowera bowo lapansi n'kutulukira lapamwamba kuti mpweya uzikwera wokha.

Madzi a pampopi ali ndi chlorine ndi michere, asakhudze golide. Gwiritsani a distilled, ndipo muwawiritse n'kuwaziziritsa m'botolo lotseka dzulo lake kuti mpweya wosungunukamo uchoke. Pa prizimu ya 60, madigiri 72 amafuna φ ya pafupifupi 18 kumbali yoonjezera. Pa ya 45 amafuna pafupifupi 43, ndipo kuwala kwina kumatayika pankhope. Chigwa cha m'madzi ndi chotambalala madigiri angapo, ndipo mbali yake ya ngodya zazikulu imakwera mochedwa kuposa inayo. Musayembekeze kampata kakuthwa ngati kaja. Chimaoneka ngati mthunzi pamzere wofiira. Maso sangapeze pakati pake molondola, apa kamera ndiyo igwire ntchito.

Mangani kamera isasunthe, tsekani autofocus ndi auto exposure, ndipo tsitsani exposure mpaka malo owala kwambiri asafike pa 255. Jambulani chithunzi cha p, cha s, ndi china laser itazimitsidwa. Mu ImageJ, pulogalamu yaulere, tengani channel yofiira yokha, chotsani chithunzi cha mdima pa ziwirizo, kenako gawani p ndi s. Kugawaku kumachotsa kusalingana kwa kuwala kwa laser pamzerewo. Pakati pa chigwa musatenge pixel yotsikitsitsa, chifukwa kuwala kwa laser kumakhala ndi timadontho tothwanima. Tengani gawo lapansi la chigwa, mulikwanitse ndi parabola mu Excel, kapena muwerenge centroid ya zonse zili pansi pa theka la kuya kwake. Njira imene mwasankha musaisinthe pakati pa ntchito.

Kupima sensa ndi glycerine

Ma pixel alibe tanthauzo mpaka mutawayerekeza ndi madzi odziwika. Shuga wa m'sitolo kuno amathiridwa vitamini A, amene amabwera ndi timafuta tomata pa golide, ndipo mchere wa kukhitchini uli ndi ayodini, amene amagwira golide mwamphamvu. Glycerine wa ku famase wolembedwa BP, wopanda perefyumu, ndiye woyenera: samata, amatsukika ndi madzi. Muyezeni pa sikelo, osati ndi sirinji, chifukwa ndi wonanda komanso wolemera, magalamu 1.26 pa mililita. Pa madigiri 20, magalamu 1.0 a glycerine mu 99.0 a madzi amapereka index ya 1.3342; 2.0 mu 98.0 amapereka 1.3353, 5.0 mu 95.0 amapereka 1.3388; 10.0 mu 90.0 amapereka 1.3448. Madzi okha ndi 1.3330. Manambalawa ndi a kuwala kwachikasu kwa 589 nm, koma kusiyana pakati pawo, kumene ndi kofunika kwa inu, sikusintha kwenikweni pa kuwala kofiira.

Mabotolo onse agone m'chipinda chomwecho ndi chipangizo. Yambani ndi madzi okha, kenako glycerine wa 1, 2 ndi 5 peresenti, ndipo pakati pa awiri aliwonse bwererani ku madzi okha. Lowetsani mililita 2 pang'onopang'ono, dikirani mphindi ziwiri, jambulani katatu. Pa BK7 ndi kuwala kofiira, kusintha kwa 0.001 kumasuntha chigwa ndi madigiri pafupifupi 0.15 m'kati mwa galasi, choncho glycerine wa 5 peresenti amachisuntha pafupifupi digiri imodzi, kupita ku ngodya zazikulu. Kunja kwa prizimu ya 60 kusunthaku kumakula kamodzi ndi theka, ndiye pa pepala la pa 30 cm mudzaona mamilimita pafupifupi 7. Chigwa chikapanda kubwerera pamalo ake mutabwezera madzi okha, pali chimene chamata pa golide kapena kutentha kwasintha. Musapitirire musanadziwe kuti n'chiti.

BK7 ili ndi malire. Index ikafika cha ku 1.37 ngodya imapitirira madigiri 80, kuwala kumangokhwepula golide. Mafuta ophikira a 1.47 simungawayeze nayo. Prizimu ya SF10, ya index 1.723, imatsitsa chigwa cha madzi kufika pa madigiri 57 ndipo chimawonda, koma chimasuntha theka chabe la mmene chimasunthira pa BK7. Ndipo ngati galasi la golide ndi mafuta akadali a 1.515, malire aja sanachoke. Kuti mupite ku index zapamwamba, zonse zitatu, prizimu, galasi ndi mafuta, ziyenera kukhala za index yapamwamba.

Kutentha, fumbi ndi magetsi

Madzi akafunda digiri imodzi, index yawo imatsika ndi pafupifupi 0.0001. M'chipinda cha malata mu Okutobala, kutentha kungakwere madigiri asanu pakati pa m'mawa ndi masana. Kumeneko n'kusintha kwa 0.0005, kofanana ndi glycerine wa pafupifupi theka la peresenti, osathira kanthu. Laser ya diode nayo imasintha utali wa funde ndi pafupifupi 0.2 nm pa digiri iliyonse ikamafunda, ndipo nanomita imodzi imasuntha chigwa cha m'madzi ndi pafupifupi 0.1 ya digiri. Choncho yatsani laser mphindi 30 musanayambe, yezani m'mamawa kapena madzulo dzuwa litapendeka, ikani thermometer pafupi ndi prizimu ndi kulemba kutentha pa chithunzi chilichonse. Sirinji muziigwira kumakutu ake, osaifumbata. Laser idye batire yokhala ndi regulator, kuti magetsi akathima kapena jenereta ikalira kuwala kusasinthe.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la Lilongwe limalowa paliponse. Vindikirani chipangizo ndi katoni yaikulu yodetsedwa m'kati; imatchinga fumbi, mphepo ndi kuwala kwa pawindo nthawi imodzi. Mizere yopyapyala yambiri yodutsa pachithunzi imasonyeza kuti mafuta sakugwirizana ndi galasi kapena achepa. Chigwa chikazimiririka mwadzidzidzi n'kuwala pamalopo, kathovu kakhala pa kadontho ka laser. Gogodani kapaipi, kankhani madzi mwachangu kamodzi. Chigwa chotuwa chimene sichida ngakhale mumpweya kawirikawiri ndi polarizer yopendekeka: ikapendekeka madigiri 20, pafupifupi 12 peresenti ya kuwala imakhala s ndipo imadzaza chigwacho.

Kuwala koyera, ndi puloteni

Pali njira ina yoonera zomwezi. Siyani ngodya pa madigiri 72, chotsani kandodo ndi lenzi yosonkhanitsa, ndipo m'malo mwa laser ikani babu ya halogen ya galimoto ya 12 V kuseri kwa kabowo ka singano, ndi lenzi yowongola kuwala. Babu ikhale patali kuti isafunditse prizimu. LED yoyera siyenera bwino chifukwa kuwala kwake kumatha msanga mukadutsa 650 nm. Kuwala kobwerera kudutse pa kampata ka malezala awiri n'kugwa pa chidutswa cha DVD, chimene mizere yake ndi yotalikirana 740 nm. Mu utawaleza umene utuluke mudzaona mdima m'chigawo chofiira. Index ikakwera, mdimawo umasunthira kofiira kwambiri, nanomita imodzi kapena ziwiri pa 0.001 iliyonse. Mukakweza ngodya umabwerera ku lalanje n'kumatambalala, pazifukwa zomwe zija za golide ndi kuwala kobiriwira.

Mukafuna kuona puloteni ikumata, tsukani galasi, lowetsani PBS (madzi amchere a phosphate osunga pH isasinthe) yokha mpaka chigwa chitakhazikika, kenako BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe) wa 1 mg pa mililita wosungunulidwa mu PBS yomweyo. Chigwa chidzasuntha mofulumira mphindi zoyamba, kenako pang'onopang'ono. Pakatha mphindi 15 bwezerani PBS. Pa glycerine chigwa chinabwerera. Apa sichibwerera, chifukwa puloteni yayala pa golide. Nanogalamu imodzi pa milimita imodzi ya sikweya imasuntha chigwa ndi magawo awiri kapena atatu a khumi a digiri pa chipangizo chotere. Kuti sensa izisankha chinthu chimodzi, golide amavekedwa kaye: galasi limagona usiku wonse mu 11-mercaptoundecanoic acid wa 1 mM mu ethanol, kenako EDC wa 0.4 M ndi NHS wa 0.1 M, mankhwala othandiza kulumikiza antibody pa golide wovekedwayo, osakanizidwa theka ndi theka pomwepo kwa mphindi 7, kenako antibody mu acetate buffer ya 10 mM ya pH 4.5 mpaka 5, ndipo malo otsala amatsekedwa ndi ethanolamine wa 1 M wa pH 8.5. EDC amafa msanga akakumana ndi chinyezi, choncho asungidwe mu fiza m'timabotolo ting'onoting'ono, ndipo botolo lifunde lisanatsekulidwe. Pa ntchito yotere dulani mabowo awiri mu silikoni, lina lokhala ndi antibody, lina lopanda, madzi omwewo adutse monse, ndipo muzichotsa kusuntha kwa lachiwiri pa kwa loyamba. Kutentha ndi index ya madziwo zimachoka pamenepo.

Mukamaliza, tsetseretsani galasi cham'mbali kuti lichoke pa prizimu, osalikanula. Pukutani mafuta mbali ya galasi yokha ndi pepala la lenzi lonyowetsedwa ndi isopropanol, tsukani golide pothira basi, ndipo sungani galasi lililonse m'kabotolo kake kotseka, golide osakhudza khoma, ndi kapaketi ka silica gel m'kati. Pachivindikiro lembani tsiku, zimene zinadutsapo, ndi ngodya ya chigwa chake mumpweya, kuti tsiku lotsatira muyambe ndi kuyerekeza nambala imeneyo.